Isaac Newton: mwana wa mlimi amene malamulo ake timakwela nawo basi

Pali malamulo a pamsewu amene dalaiva angaphwanye kuyambila m'mawa mpaka usiku wapolisi osamugwila: kupitilila loboti ili yofiila, kukwezela anthu pakati pa msewu, kudulila pa filling station pothawa jamu. Koma pali malamulo atatu amene palibe dalaiva anawaphwanyapo, kaya wa Hiace ya ku Kanyama, kaya wa Rosa ya ku Chelstone. Alibe faini, alibe roadblock, ndipo sungawapatse ya drink. Ni malamulo a kayendedwe ka zinthu. Amene anawalemba mwadongosolo ni munthu wa ku England, Isaac Newton, amene anamwalila mu 1727, motoka kulibe n'komwe.

Ambili tinamva dzina lake ku sukulu pamodzi na nkhani ya apulo, ndipo mayeso atatha nkhani inathela pomwepo. Ine niona kuti ise okwela mabasi ndise tifunika kumudziwa kupambana ana a sukulu. Iwo amalemba malamulo ake pa pepala, ise timawamva m'thupi tsiku lililonse. Komanso moyo wake uli na zambili zimene munthu wa mu komboni angazizindikile.

Mwana wosiyidwa kwa ambuya

Anabadwila pa famu ya Woolsthorpe, m'cigawo ca Lincolnshire, pa Khilisimasi mu 1642 malinga na kalenda imene England anali kusewenzetsa nthawi ija. Pa kalenda yathu ya lelo ni 4 January 1643. Atate ake anali mlimi wopeza bwino koma wosadziwa kulemba olo dzina lawo, ndipo anamwalila kutatsala miyezi itatu kuti mwana abadwe. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, kali kakang'ono kwakuti a pa nyumba sanayembekezele kuti kafika mawa.

Ali na zaka zitatu, amayi ake, Hannah, anakwatiwa na m'busa wa chalichi wacikulile komanso wolemela, Barnabas Smith, wa m'mudzi wina wapafupi. Anasamukila kwa mwamuna watsopano, Isaac n'kumusiya kwa ambuya ake. Iyi nkhani si yacilendo kwa ise. Mwina mnzanu amene mwapanikizana naye pa mpando anakula conco: amayi ku cikwati cina, iye na ambuya, kuwelenga miyezi. Cilonda ca Isaac sicinapole msanga. Ali na zaka 19 analemba mndandanda wa macimo ake m'kabuku kacinsinsi, ndipo limodzi mwa macimowo linali lakuti anaopsezapo amayi ake na atate omupeza kuti adzawatenthela m'nyumba.

Smith atamwalila mu 1653, amayi anabwelela na ana ena atatu. Posapita nthawi Isaac anatumizidwa ku sukulu ku Grantham, kumene anali kukhala pa nyumba ya wogulitsa mankhwala dzina lake Clarke. Sanali wokonda masewela na anzake, anali wa manja, monga ana athu opanga motoka za mawaya. Anapanga kacigayo koyenda na mphepo, ndipo mphepo ikasowa anali kuikamo mbewa kuti izikazungulutsa. Ise a kum'mawa mbewa ija tikanaona ndiwo, iye anaona injini. Anapanga nkoloko yoyenda na madzi, ndipo usiku anali kuulutsa makaiti omangilila nyale, anthu a m'midzi n'kumacita mantha.

Mu 1659 amayi anamucotsa sukulu kuti aziyang'anila famu. Zinakanika. Akamutuma ku nkhosa, anali kukhala pansi na buku, nkhosa zili m'munda wa eni ake. Mabuku a khoti ya m'delalo aonetsa kuti analipilitsidwa cifukwa nkhosa na nkhumba zake zinaononga za anthu. A hedi a sukulu, Henry Stokes, na amalume ake, William Ayscough, ndiwo anaumilila amayi kuti mwana abwelele m'kalasi. Pakanapanda anthu awili amenewa, dziko likanangopeza mlimi mmodzi wosadziwa nchito yake. Nikaona mnyamata wa msinkhu wa Grade 9 ali pa citseko ca basi kuitana anthu, nimadzifunsa kuti amalume ake ali kuti.

Wilibala ya Aristotle

Mu June 1661 analowa pa Trinity College ku Cambridge. Ngakhale amayi anali na cuma, analowa monga subsizar, kutanthauza wophunzila amene alipila zocepa koma n'kumatumikila anzake olemela, kuwapelekela cakudya na kutumidwa uku na uku.

Zimene anali kuphunzitsa kumeneko zinali za Aristotle, Mgiliki amene anali atamwalila zaka pafupifupi 2,000 kumbuyo. Ciphunzitso cake cinali cakuti cinthu cimayenda pokhapo ngati cina cake cikucikankha. Kukamba zoona, cimveka bwino. Funsani wa wilibala pa Soweto: akaleka kukankha, wilibala imaima. Koma Galileo wa ku Italy, amene anamwalila mu 1642, na Descartes wa ku France, anali ataona kale kuti nkhani ili mozondoka. Cimene cimaimitsa wilibala ni zinthu zoigwila: pansi pokakala, ekiselo yosadzozedwa, mphepo. Cotsani zogwila zonsezo, wilibala idzapitilila osaima. Newton anawelenga mabuku a anthu amenewa payekha, popanda mphunzitsi womutuma.

Zaka za mlili

Mu 1665, atangotenga digili yake, mlili wofalitsidwa na utitili wa makoswe unagwa mu London n'kupha anthu pafupifupi 100,000. Yunivesiti inatsekedwa, monga mmene kolela inacedwetsela kutsegula masukulu kuno mu 2018 na mu 2024. Newton anabwelela ku famu, ndipo nthawi yambili ya zaka ziwili anaithela kumeneko. Anali na zaka 23 cabe, alibe mphunzitsi, alibe laibulale yaikulu, koma anayala maziko a zinthu zitatu.

Coyamba ni masamu amene lelo timati calculus, oyezela cinthu cimene cikusintha-sintha. Kupeza sipidi ya ulendo wonse n'kosavuta: mtunda kugawa na nthawi. Koma sipidi ya basi pa kamphindi kamodzi, pamene singano ikukwela, imafuna masamu ena, ndipo ni amenewa. Caciwili, anapititsa kuwala kwa dzuwa m'galasi ya makona atatu n'kuonetsa kuti kuwala koyela ni kusakanikilana kwa mitundu ya utawaleza. Cacitatu ndiye nkhani ya cipatso.

Nkhaniyi anaisimba yekha atakalamba, kwa mnzake William Stukeley mu 1726. Cipatso sicinamugwele pamutu, izo anawonjezela anthu ena. Ndipo zakuti zinthu zimagwa pansi, olo ambuya ake anali kudziwa. Funso lake linali lakuti kukoka kwa dziko kumalekezela pati. Ngati kumafika pamwamba pa mtengo, na pamwamba pa phili, mwina kumafika mpaka ku mwezi. Mwezi uli kutali na pakati pa dziko kuwilikiza ka 60 poyelekeza na ise. Iye anaganiza kuti kukoka kumacepa malinga na mtunda ukauculukitsa na mtunda womwewo: 60 kuculukitsa na 60 ni 3,600, ndiye kuti ku mwezi kukoka n'kofooka ka 3,600. Atayesa masamu, yankho inabwela pafupi na mmene mwezi umayendela.

Nanga n'cifukwa ciani mwezi sutigwela? Ponyani mwala, umagwa pafupi. Uponyeni mwamphamvu, umagwa patali. Manje ganizani mwala wothamanga kwambili kwakuti pamene ukugwa, dziko pokhala lozungulila likupendekela kutali pansi pake. Mwala umenewo udzagwa mpaka kale-kale osafika pansi. Mwezi ni mwala wotelo, ndipo masetilaiti amene amatibweletsela mpila pa TV nawonso ali conco.

Munthu wosafuna kutsutsidwa

Anabwelela ku Cambridge mu 1667, ndipo mu 1669, ali na zaka 26, anapatsidwa mpando wa pulofesa wa masamu umene Isaac Barrow anasiya. Kuphunzitsa sikunali mphatso yake. Womuthandiza wake anasimba kuti nthawi zina m'kalasi munalibe munthu, ndipo cakudya ca usiku cinali kupezeka m'mawa cosakhudzidwa. Pofufuza za maso, anafika polowetsa singano yobuntha pakati pa diso lake na fupa kuti aone mmene mitundu isinthila. Anapanga telesikopu ya galasi yoonelamo nkhope, yaifupi koma yamphamvu, ndipo cifukwa ca iyo bungwe la akatswili la Royal Society linamulandila mu 1672.

Caka comweco anatumiza zolemba zake zokhudza kuwala. Robert Hooke, katswili wa bungwelo, anazitsutsa, ndipo Newton anakhumudwa kwakuti kwa zaka zambili anadzitsekela, zimene anapeza n'kuzisunga m'kabati. Zikanaolela mmenemo pakanapanda Edmond Halley. Mu August 1684 Halley anapita ku Cambridge na funso limene linagonjetsa akatswili a mu London: ngati dzuwa limakoka mapulaneti mocepela-cepela monga tafotokozela, njila ya pulaneti idzakhala yooneka bwanji? Newton anayankha pomwepo kuti idzakhala yozungulila koma yophwatalala pang'ono, ndipo anati anaziwelengela kale, koma pepala silinapezeke. Mu November anatumiza masamba 9. Halley ataona anadziwa kuti wagwila nsomba yaikulu, ndipo anamunyengelela kuti alembe zonse.

Buku linatuluka mu 1687, m'Cilatini, ndipo limadziwika na dzina lakuti Principia. Royal Society inalibe ndalama zolisindikizila cifukwa inali itathela ndalama pa buku la nsomba limene silinagulidwe. Halley analipila za m'thumba mwake. Pambuyo pake bungwelo linafuna kumupatsa mabuku a nsomba aja m'malo mwa malipilo ake, monga kondakita wopeleka maswiti m'malo mwa chenji.

Malamulo atatu

Lamulo loyamba limati cinthu coima cimakhalabe coima, ndipo coyenda cimapitiliza kuyenda molunjika pa sipidi yomweyo, mpaka cina cake cicikankhe kapena kucikoka. Dalaiva akaponda mabuleki mwadzidzidzi pa hampu, imwe mumagunda mpando wa kutsogolo. Palibe amene wakukankhani. Mabuleki agwila basi, koma thupi lanu palibe calimanga, ndiye likupitiliza ulendo. Basi ikamazungulila pa Kafue roundabout mumatsamila mnzanu, cifukwa thupi lifuna kupita molunjika pamene basi ikukhota. Nchito ya lamba wa pampando ni imeneyi: kupatsa thupi lanu mabuleki ake.

Lamulo laciwili ndilo la masamu. Mphamvu yofunika kusintha sipidi ya cinthu imadalila zinthu ziwili: kulemela kwake, na kufulumila kwa kusinthako. Basi yopanda anthu imanyamuka ngati kalulu, yodzaza imabuula. Anthu 15 a makilo 65 aliyense ni pafupifupi tani imodzi, tisanawelengele masaka a makala na mabokosi a tomato. Injini ni imodzimodzi, mabuleki ni amodzimodzi, ndiye kunyamuka kumacedwa, kuima nakonso kumacedwa.

Tiyeni tiike manambala pa cinthu cimene timaona tsiku lililonse, mwana wa makilo 10 ali pa miyendo ya amayi ake pa mpando wa kutsogolo. Basi ikuyenda 60. Ikagunda cinthu n'kuima m'gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, manja a amayi afunika mphamvu yokwana kunyamula makilo 170 kuti amugwile. Amenewo ni pafupifupi matumba 7 a unga wa 25 kg. Cikondi ca amayi n'cacikulu, koma palibe manja otelo. Amayi anga muli na kamwana, khalani kumbuyo, kutsogolo musiyile amene amange lamba.

Lamulo lacitatu limati ukakankha cinthu, naco cimakukankha na mphamvu yofanana kulowela kumene wacokela. Tayala imakankha msewu kumbuyo, msewu n'kukankha basi kutsogolo. N'cifukwa cake mu mvula, m'matope a mu komboni, injini imalila koma basi osasuntha: tayala ilibe cokankha. N'cifukwa cakenso batile ikafa, simungakankhe basi muli mkati. Manja akankha kutsogolo, mapazi akankha kumbuyo pa basi yomweyo, zonse zathelana. Mufunika kuseluka, mapazi aponde pansi. Ndipo thilaki ikagundana na minibasi, mphamvu imene iliyonse yalandila ni yofanana ndendende. Koma lamulo laciwili limabwela n'kugawa cilango: thilaki yolemela imasintha sipidi pang'ono, basi yopepuka imasintha kwambili, pamodzi na ise tili mkati.

Pamwamba pa malamulo atatuwa, Newton anawonjezela la gravity, lakuti cinthu ciliconse cimakoka cinzake. Na malamulo ocepa amenewa anafotokoza kugwa kwa mwala, njila za mapulaneti na kukwela kwa madzi a m'nyanja zikulu-zikulu. Halley anawasewenzetsa powelengela kuti nyenyezi ina ya mcila idzabwelanso ca mu 1758. Inaoneka pa Khilisimasi caka comweco, onse awili atamwalila kale. Inabwelanso mu 1986, ndipo ana athu adzaiona mu 2061.

Kucoka ku nyenyezi kupita ku ndalama

Mu 1693 anadwala maganizo, osagona tulo, n'kumalembela anzake makalata owanamizila zoipa. Anacila, koma Cambridge inali itamukwana. Mu 1696 anasamukila ku London kukayang'anila Royal Mint, kumene boma limasulila ndalama. Nthawi ija anthu anali kusenga m'mbali mwa ndalama zakale za siliva n'kugulitsa tuzidutswa, ndipo zabodza zinali mbwee. Boma linaganiza zosungunula zakale zonse n'kusula zatsopano za mizela m'mbali, kuti yosengedwa izidziwika.

Udindo umenewu ena anali kuutenga monga mpando wodyelapo cabe. Newton anautenga na mtima wonse. Anali na akazitape m'mabawa na m'ndende, ndipo okayikilidwa anali kuwafunsa yekha. Wopanga ndalama zabodza wocenjela kwambili, William Chaloner, anamulondola mpaka anapacikidwa pa cingwe mu 1699. Chaloner analemba kalata yopempha cifundo, koma Newton sanayankhe.

Ulemu unabwela motsatizana. Anakhala mkulu wa Mint mu 1699, pulezidenti wa Royal Society mu 1703 Hooke atamwalila, anatulutsa buku la za kuwala lochedwa Opticks mu 1704, ndipo mu 1705 Mfumukazi Anne anamupatsa ulemu wa Sir. Koma mtima wosunga cakukhosi sunasinthe. Katswili wa ku Germany, Gottfried Leibniz, anali atatulukila calculus payekha n'kuyamba kuifalitsa Newton asanatelo. Mkangano utakula, Royal Society inakhazikitsa komiti yoweluza, ndipo lipoti ya mu 1712 inapatsa Newton cipambano. Amene analemba lipotiyo mobisa anali Newton mwiniwake. Wodandaula, mboni na woweluza, munthu mmodzi. Lelo akatswili avomeleza kuti onse awili anapeza masamuwa aliyense payekha, ndipo zizindikilo zimene ana athu amalemba ku sekondale zambili ni za Leibniz.

Panalinso Newton wina amene anthu a m'nthawi yake sanamudziwe bwino. Anathela zaka zambili pa ng'anjo, kusakaniza zitsulo na mankhwala pofuna cinsinsi cosandutsila zitsulo wamba kukhala golide. Analemba masamba osawelengeka okhudza Baibo, maka-maka mabuku a Danieli na Civumbulutso. Anali wokhulupilila Mulungu kwambili, koma ciphunzitso ca Utatu sanali kucivomeleza, ndipo anabisa zimenezi cifukwa zikanamucotsetsa nchito. Mu 1720 anataya ndalama zambili m'masheya a South Sea Company, kampani imene mwa zina inali kugulitsa akapolo ocokela ku Africa. Mtengo wa masheya unakwela mopenga, anthu anathamangila, kenako zonse zinagwa. Amene munaikapo ndalama m'magulu olonjeza kubala kawili pa mwezi, dziwani kuti munthu wowelengela njila ya mwezi nayenso anagwa m'mbuna yomweyo.

Sanakwatile ndipo analibe mwana. Anamwalila mu March 1727 ali na zaka 84, ndipo anaikidwa mu Westminster Abbey, kumene anali kuika mafumu, akulu-akulu a dziko atagwila nsalu ya bokosi lake.

Zimene anasiyila ena: nchito na energy

M'Cinyanja liwu lakuti mphamvu limanyamula katundu wambili ngati basi ya pa Cisanu madzulo. A sayansi amaligawa. Kukankha kapena kukoka amati force, ndipo muyeso wake anaupatsa dzina la Newton: newton imodzi ni pafupifupi kulemela kwa tomato ya magalamu 100 ili pa cikhatho. Nchito, kwa iwo, ni force kuiculukitsa na mtunda umene cinthu casuntha. Thumba la unga la 25 kg dziko limalikoka na manewton pafupifupi 250. Kondakita akalikweza mita imodzi kuika m'basi, wagwila nchito ya majoule 250. Koma amayi amene aimilila pa Kulima Tower ola lathunthu, beseni ya nthoci pamutu, sayansi ikuti pa beseniyo palibe nchito imene agwila, cifukwa siinasunthe. Khosi lawo likamba zina, ndipo silinama: minofu imatentha cakudya pongogwila katundu.

Energy ndiyo nkhokwe imene nchito imacokamo. Siilengedwa ndipo siitayika, imangosintha maonekedwe. Madzi a ku Kariba ali na energy cifukwa ali pamwamba. Akatsika amazungulutsa makina, n'kukhala malaiti, n'kukhala kutentha kwa pa stovu. Madzi akacepa, tonse tidziwa cimene cimacitika. Ya m'dizilo imasanduka sipidi ya basi, ndipo dalaiva akaponda mabuleki imasanduka kutentha. Fungo ija ya mabuleki potsika mapili a Munali ni energy ya ulendo ikupsa pa mawilo. James Joule wa ku England ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti kuyenda kumasanduka kutentha pa muyeso wosasintha.

Apa pali cinthu cimene Newton sanacigwile bwino, ndipo amene anacimveketsa ni mzimayi wa ku France, Émilie du Châtelet, amene anamasulila Principia m'Cifulenchi, n'kumwalila mu 1749 patangopita masiku ocepa atabala mwana. Iye anatsamila pa zoyesa za Willem 's Gravesande wa ku Netherlands, amene anali kugwetsela mipila ya citsulo m'dongo lofewa. Mpila wofika na sipidi yowilikiza kawili unali kusiya dzenje lalikulu kanayi, wa sipidi yowilikiza katatu dzenje lalikulu ka 9. Ndiye kuti energy ya cinthu coyenda imakula malinga na sipidi kuiculukitsa na sipidi yomweyo.

Ici ndico cinthu cimodzi cimene nifuna museluke naco lelo. Ngati pa 40 mabuleki afuna mamita 10 kuti basi iime, pa 80 adzafuna mamita 40. Ndipo mabuleki asanagwile pali sekondi ija ya dalaiva yoona, kuganiza na kusuntha phazi. Pa 60, sekondi imodzi ni mamita 17, kupitilila utali wa ma Hiace atatu ondondozana. Kugunda cinthu colimba pa 60 kufanana na kugwa kucoka pamwamba pa mamita 14, nyumba ya nsanjika zinayi.

Manje tiyang'ane phindu lake. Ulendo wa makilomita 10 pa 60 umatenga mamineti 10. Pa 80 umatenga 7 na hafu. Tapulumutsa mamineti awili na hafu, amene tidzawataya pa loboti yotsatila, koma energy imene mabuleki afunika kumeza yakwela pafupifupi kawili.

Nidziwa kuti dalaiva sathamanga cifukwa ca misala cabe. Pali cashing ya mwini basi, pali dizilo, pali basi ina kumbuyo imene ifuna kumulanda anthu pa sitesheni yotsatila. Ndipo tisabise, nthawi zambili ndise okwela timadandaula kuti basi ikucedwa, ndise timasendela kuti wacisanu akhale pa mpando wa anthu anayi. Singano ikakwela timangoyang'anana, aliyense kuyembekezela kuti mnzake ndiye akambe. Kuuza ba dalaiva mwaulemu kuti acepetseko sipidi si mwano, ndipo mmodzi akayamba ena amavomeleza.

Einstein anabwela mu 1905 na mu 1915 n'kuonetsa kuti malamulo a Newton amafuna kuwongolela pa zinthu zothamanga kufupi na kuwala, na pafupi na nyenyezi zolemela kwambili. Basi ya ku Matero siinafike kumeneko. Pa Lumumba Road, pa Great East na pa Kafue Road, mwana wa mlimi wa ku Woolsthorpe akali kulamulila.